Dima la Homuweki ndi Maliro a Bulu

Kale ndithu, ziweto zisanaleke kupita kusukulu, kuseri kwa chigayo china kunkakhala Thadzi dzina lake Nagama, ndi mwana wake Msoti wotchedwa Ndaziona. Pafupi nawo pankakhala Nkhanga wokonda kudzitama ndi Bakha wokonda kudya. Chibale chawo chinali cha mazira. Nkhanga ankaikira n'kupita kokayenda, mkazi wa Bakha ankaikira n'kupita kokasamba, ndipo wotsala n'kufungatira mazira onsewo anali Nagama.

Nagama sanapondeko m'kalasi, koma mutu wake unali nkhokwe yosalowa anankafumbwe. Ankadziwa amene anabwereka lichero n'kulibweza lobooka. Ankadziwa amene anapala moto osathokoza, ndi tsiku lake lomwe. "Kupatsa n'kuika," ankatero, ndipo iyeyo sankaiwala pamene waika.

Mwa ana ake onse anatsala ndi Ndaziona yekha. Asanu anapita ndi chitopa, atatu anapita ndi kabawi. Mwanayu nzeru anali nazo, koma phuma ndiye linali matenda ake. Akayamba kulankhula ankachita ngati matalala padenga la malata.

Tsiku lina Lachisanu anabwera kuchokera kusukulu nthenga zili nyankhalala, kope lili kukhwapa.

"Amayi ndatha ine aphunzitsi a Kakowa atipatsa homuweki ya Chingerezi ndi nkhani koma achotsamo zizindikiro zonse akuti tibwezeremo tokha tiyankhenso funso ndikalakwitsa Lolemba andibweza kukalasi ya anapiye ndikakhale pafumbi pansi pa mtengo anzanga ali pabenchi zikatero ine sukulu ndisiya basi!"

"Puma, iwe, ungandikomokere pakhomo," anatero Nagama. Koma mawu akuti "ndisiya" anamulasa pamtima. Mwana mmodzi yekhayo, wopulumuka kwa kabawi, adzathere kupalasa madeya kuchigayo ngati mayi ake? Ayi ndithu.

Ndaziona anatsegula buku lowerenga kuti aonetse mayi ake zizindikirozo. Analoza kadontho kotchedwa mpumiro, kadontho ka mchira kotchedwa mpatuliro, ndi kena kokhota ngati mbedza kotchedwa mfunsiro. Nagama anapendeketsa mutu, n'kuyang'ana ndi diso limodzi. Kenaka jo! Buku linabooka.

"Amayi! Buku la sukulu!"

"Ndimayesa mapira," anatero Nagama akupukuta mlomo pansi. "Alibe n'kukoma komwe. Koma ndamva. Nkhaniyi ndi munda wolimalima, chatsala n'kubzala. Tsono ntchito ikakula kwathu kuno sitilira, timaitana dima."

Dima mukulidziwa: mwini munda amaphika thobwa, anzake n'kubwera ndi makasu kudzamugwirira ntchito tsiku limodzi. Nagama anatereka mphika madzulo omwewo, n'kuthira chimera chosaumira. Anauza mwana wake kuti akopere nkhani ija papepala la thumba la simenti, poti munda wa m'kope unali wochepa, akuluakulu atatu sakanakwanamo. Atatero anavala chitenje n'kuyamba kuyendera abale.

"Odi, a Nkhanga! Mawa kwathu kuli dima."

"Pepani achemwali, mawa ndili ndi ulendo."

"Ulendo?" anatero Nagama mokoma. "Paja chaka chatha munalinso ndi ulendo. Mazira khumi ndi awiri, masabata anayi ndili chikhalire, chifuwa mpaka kusosoka nthenga. Onani, sizinamerebe."

"Ndifika mmamawa," anatero Nkhanga. "Komanso mwabwera kwa mwini wake. Za madontho mungafunsenso ndani? Ine ndinabadwa nawo thupi lonse. Aphunzitsi anuwo alibe ngakhale limodzi."

Kwa Bakha nkhani sinatalike. Nagama anangoti, "Alamu, masabata asanu. Anga ndimatha atatu, koma anu asanu, ndipo ataswa anandithawira m'madzi ine ndikukuwa kumtunda." Bakha anafunsa ngati kukakhale thobwa. Atamva kuti mtsuko wadzaza, anati chibale ndi chinthu chachikulu.

Loweruka mmamawa pepala lija analiyala pabwalo, n'kulipsinja ndi miyala m'ngodya. Nagama anagawa malire ndi chikhadabo: kumtunda kwa Nkhanga, kumunsi kwa Bakha. Ndaziona anati anenepo kanthu, koma mayi ake anamuuza kuti akhale poteropo, mwini munda sagwira khasu akuluakulu ali pantchito.

Nkhanga anaviika mlomo m'mwaye wosungunula n'kuyamba kubzala. Phazi limodzi, dontho. Phazi lina, dontho. Sankasamala kuti pali mawu kapena palibe, iye ankangoti mapando atalikirane mofanana ngati a chimanga. Atafika kumapeto anabwerera n'kupakiza m'mipata, poopa kuti mwina ena sangamere.

Bakha ndiye anabwera atakonzeka. Anamva kuti pakufunika timadontho ta michira, tsono anakatunga mbululu kudambo, chigoba chodzaza. Anaziika imodziimodzi pakati pa mawu, zonenepa bwino, michira ili pansi monga mwa chitsanzo. Vuto linali lakuti mipatuliro yakeyo sinkakhazikika. Ina inkapiringizika, ina inkadumphira mzere wotsatira, ina inawoloka malire n'kukafufuta madontho a Nkhanga.

"Alamu, ziweto zanu zikundidyera mbewu!" anakuwa Nkhanga.

"Ndizilanga," anatero Bakha, n'kumeza zitatu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumezanso zinayi zimene sizinalakwe kanthu.

Mkangano unakula. Nkhanga anati Bakha wasuntha mwala wa malire. Bakha anati Nkhanga wabzala mothithikana, mbewu zake zidzabereka tizitsononkho. Pomaliza Bakha anakhala pansi papepala pomwepo, mimba ili tuu, n'kunena kuti iye sapitiriza kubzala m'munda wosaudziwa.

"Kodi mawu tikuwapondawa akuti chiyani? Iwe mwana, tatimasulira."

Ndaziona anaimirira n'kukoka mpweya kamodzi kokha. Anamasulira nkhani yonse ngati njinga yoduka mabuleki pamtsetse. Inali nkhani ya Bulu amene ankatungira madzi mudzi wonse kwa zaka khumi. Anzake akamufunsa ngati akufuna thandizo ankakana, atakalamba anadwala, palibe anapita kukamuona, ndipo anamwalira yekha m'khola.

Mbululu imodzi inagwa papepala n'kuti pha.

"Wati chiyani?" anafunsa Nagama chapansipansi. "A Bulu atisiya?"

"Amayi, imeneyi ndi nkhani chabe ya—"

"Mayo ineee!" Nkhanga anadziponya pansi, miyendo m'mwamba. "A Bulu inu! Munthu wosayambana ndi munthu! Dzana lomweli tinapatsana moni pachitsime!" Chibadwire Nkhanga anali asanaonepo bulu, koma pamaliro iyeyo sankalola kuti wina amupose.

"Koma amayi, tamverani—"

"Khala chete! Mwana salankhula pazovuta," anatero Nagama, misozi ili chuchuchu. "Ife tili pano kusekerera ndi thobwa, mnzathu ali gone! Siyani ntchito nonse. Pamudzi pakagwa maliro khasu siligwiridwa."

Umu ndi mmene dima linathera. Nkhanga anathyola nthambi n'kukaziika pamsewu kuti odutsa atsike panjinga. Bakha anafunsa ngati kusiwa atereka kale nyemba, ndipo atamva kuti siwayo sakuidziwa kumene ili, anati ayambe ndi thobwa kuti apeze mphamvu zolirira. Pofika masana mtsuko unali utauma gwa, pepala la simenti linali phala lokhalokha, ndipo homuweki inali pamene inalili Lachisanu.

Lamulungu masana Nagama anaitana mwana wake pamthunzi wa nkhokwe. Ndaziona anabwera maso ali psuu, atalongedza kale yunifomu pansi pa dengu. Koma mayi ake maganizo anali pa zina.

"Ndifuna kutumiza uthenga kwa abale athu a kutsidya," anatero. "Dzulo unandisokoneza. Sindinamve kuti wadwala ndani, wafunsa ndani, wakana ndani. Uthenga wa maliro sanena ngati ukuthamangitsidwa ndi galu. Tenga kope lako, uyambirenso. Uzinena m'chizungu chakocho, kenaka m'chathu."

Ndaziona anaona kuti kutsutsa n'kutaya malovu. Anatsegula kope n'kuyamba liwiro lake lija. Asanapite patali, mayi ake anajompha pansi.

"Ima pamenepo! Wati ankatunga madzi zaka khumi. Zaka khumi si masewera. Usiye kaye zilowe m'mtima mwa womvera. Meza malovu, ndiye upitirize."

Mwana anameza malovu. Kenaka anayang'ana m'kope, n'kuyang'ana mayi ake. Mwakachetechete anatenga pensulo n'kuika kadontho pamenepo.

"Ukulembanji?"

"Ndikuika chizindikiro, amayi, kuti ndisaiwale pomezera malovu."

"Wachita bwino. Pitiriza."

Anawerenga kuti Bulu ankatungira mbuzi nkhosa nkhumba ndi akalulu a m'khola. Nagama anajomphanso. "Iwe, mbuzinkhosankhumba ndi nyama yanji? Awa ndi mabanja osiyana, aliyense ndi khomo lake. Potchula anamfedwa umapatula, wina angadandaule kuti sanatchulidwe. Usaime kwenikweni, ungotsimphina pang'ono." Ndaziona anaika timichira pakati pa mabanjawo, ndipo timeneti sitinathawe.

Atafika pamene Nkhosa anafunsa Bulu ngati akufuna thandizo, Nagama anakupiza mapiko. "Kufunsa amafunsa chonchi? Ngati ukuwerenga mayina a odwala? Kweza mawu kumapeto, amve kuti ukudikira yankho!" Mwana anakweza mawu, n'kukoleka kambedza.

"Tsono apa a Bulu akuti ayi ndili bwino," anawerenga Ndaziona.

"Akutero ndani? Iwe kapena malemu?"

"Malemu."

"Ndiye usasakanize mawu ako ndi a malemu, ndi malaulo amenewo. Atchingire mpanda uku ndi uku, aliyense aone kuti apa ndi pamene analankhula okha." Ndaziona anaika mitengero, kutsogolo ndi kumbuyo. Ulendo uno sanathamange.

Anapita choncho mzere ndi mzere, mayi akujompha, mwana akudontheza, mpaka Bulu anamwaliranso kachiwiri, mwaulemu wake. Nagama analira pang'ono n'kumina. Pamenepo Ndaziona anati kwatsala funso: n'chifukwa chiyani anzake a Bulu sanapite kukamuona? Iye anati alemba kuti anali oipa mtima, poti m'kalasi aliyense akalemba zomwezo.

"Taima kaye," anatero Nagama. Nkhani za amene anachitira mnzake chiyani ndiye unali munda wake. "Anamufunsa kangati ngati akufuna thandizo?"

"Katatu."

"Iye n'kuyankha kuti?"

"Ayi, ndili bwino."

"Katatu konse? Nanga anayamba wapitako kwa Nkhosa kukapempha mchere? Anabwerekako chingwe kwa Mbuzi?"

"Sizinalembedwe."

"Ndiye kuti sanapiteko. Tamvera, mwanawe. Anzakewo analakwa, sindikuwaikira kumbuyo. Koma malemu nawonso, Mulungu awakhululukire, anali ndi kakunyada. Munthu wosapala moto kwa anzake, anzakewo amayesa kuti kwake sikuzima. Njira yopita kunyumba kwako amaipondaponda ndi amene unawalola kukuthandiza. Iye anaitseka yekha ndi ayi wakeyo, udzu n'kumera."

Ndaziona analemba zonsezo m'Chingerezi chake, kusiyako za Mulungu awakhululukire.

Lolemba mmamawa Kakowa anali ataima ndi mwendo umodzi pakhomo la kalasi, atavala zoyera mbee monga mwa masiku onse, akuzemba fumbi. Anangoona mzere ukulowa pachipata. Patsogolo Nagama atasenza mbale ya ufa wa chipepeso. Pambuyo pake Nkhanga atamanga chitenje m'chiuno, akuyeserera mawu. Kenaka Bakha ndi khasu paphewa, poti anamva kuti okumba manda ndiwo amayamba kulandira chakudya. Kumapeto kwenikweni Ndaziona, mutu uli pansi.

"Pepani aphunzitsi ndi zovutazi," anatero Nagama akugwada. "Ife tamva mochedwa. Tati mutilozere kumene kuli siwa."

"Zovuta zanji, mayi?"

"Za a Bulu."

Kakowa anatsitsa mwendo wachiwiri. Anapukuta magalasi, n'kuwavala, n'kuwavulanso. Ana a m'kalasi anali atadzaza pawindo, milomo ili pululu.

"Mayi, Buluyo kulibe. Sanakhaleko n'komwe. Ndinamupeka ndekha Lachinayi, ndikudikira kuti mbatata ipse."

"Mwati munamupeka?"

"Eya. Ndi nkhani yophunzitsira ana."

Nagama anatula mbale ya ufa pansi pang'onopang'ono. Anaimirira, nthenga za m'khosi zitaima.

"Ndiye kuti mwamupha ndinu."

"Mayi, sindinaphe munthu ine."

"Munamulenga nokha. Mwamusenzetsa madzi zaka khumi. Mwamudwalitsa, osamuphikira ndi phala lomwe. Pensulo ili m'manja mwanu, mukanatha kutumako Nkhosa ndi kamsuzi, koma ayi, mwamusiya afere m'khola mbatata yanu ikupsa! Munthu wovala zoyera ngati inu!"

"Chigawenga!" anakuwa Nkhanga, amene anali atasunga misozi ya tsiku lonse ndipo sankadziwa koitaya.

"Tsono nyemba kulibe?" anafunsa Bakha.

Kakowa anaona kuti mlandu ukumukulira. Pofuna pothawira analanda kope la Ndaziona n'kulitsegula, bolopeni yofiira ili chire. Anawerenga mzere woyamba, sanapeze pokhwatcha. Anatsika mpaka pansi, anangopeza malo awiri okha, pamene panasowa timichira. Atafika payankho la funso anawerenga kawiri, khosi lake lalitali likupindika ngati mfunsiro.

"Ana makumi atatu andilembera kuti anzake anali oipa mtima," anatero. "Izi za njira yomera udzu wakuuza ndani?"

"Amayi," anayankha Ndaziona. Anaima, n'kumeza malovu. "Zizindikirozo ndaika ndekha. Iwo amangondiuza popumira."

"Mayi, munalekeza kalasi yanji?"

"Ndinalekeza pachipata pomwe ndalowerapo," anatero Nagama. "Musandizembe. Tikukamba za a Bulu."

Kakowa analoza Ndaziona benchi la kutsogolo, ndipo mwana anakakhala, yunifomu yake ili makwinyamakwinya chifukwa chogona pansi pa dengu. Za kalasi ya anapiye sizinatchulidwenso. Koma Nagama sanasunthe mpaka mphunzitsi analonjeza, ana onse akumva, kuti m'nkhani ya Lachisanu lotsatira Bulu adzapezeka kuti anangokomoka, ndipo Nkhosa adzapita ndi phala.

Pobwerera Nkhanga anati tsopano za mazira zija zatha, poti kudima anabwera. Bakha anavomereza. Nagama anawayang'ana ndi diso limodzi lija.

"Dima lake liti? Munabzala mwaye, munadya mbewu, munamaliza thobwa langa pamaliro a munthu woti kulibe. Masabata anayi ndi masabata asanu ali pomwepo. Ndipo alamu, ufawo bwezani, ndakuonani."

Kuyambira pamenepo Nagama sanaitanenso dima la homuweki. Lachisanu lililonse ankasesa pamthunzi wa nkhokwe, n'kukhala kuyang'ana kunjira. Ndaziona akangotulukira ndi kope kukhwapa, mayi ake ankamusunthira malo n'kufunsa:

"Khala apa, upume kaye. Lero aphunzitsi ako apha ndani?"

Phunziro: Kuthandiza mwana si kumulanda khasu n'kuitana mudzi kuti umulimire. Khala naye pansi, umumvere, ntchito agwire yekha. Ndipo kholo lisadziderere poti silinapite kusukulu: amene sadziwa kuwerenga makutu ali nawo.